Zakale Zatha, Bwerani Lachisanu

Mlamu wathu wa ku Woodlands anapita ku India kukaperekeza mkulu wake kuchipatala. Wodwalayo anachira, koma woperekezayo anabwerako ndi nthenda yatsopano: pakamwa posatseka. Mukati kwatentha, iye akuti simunaone kutentha. Mukati msewu wa Great East wadzaza magalimoto, akuti simunaone kudzaza. Choipitsitsa n'chakuti anapeza mpata wokafika ku Hampi, m'chigawo cha Karnataka, kumene kuli mabwinja a mzinda wa Vijayanagara umene adani anaupasula mu 1565. Kumeneko, kutsogolo kwa kachisi wa Virupaksha, kuli msewu wautali wa zipilala zamiyala, momwe amalonda ankayala katundu wawo zaka mazana asanu zapitazo. Zithunzi zake taziona tonse, ena anazionera pamaliro.

"Kuno ku Lusaka kulibe mbiri," anatero tsiku lina tikudya. "Mlendo atati ndionetseni mabwinja, mungamutengere kuti?"

Amalume, amene anali chete akulimbana ndi fupa la nkhuku ya kumudzi, anayankha osadzutsa mutu. "Ku Chalala, alamu, pa puloti yanu ija. Munafika pa windo nthawi ya a Mwanawasa. Papaya wamera m'chipinda chogona ndipo akubereka. Muikepo chabe mlonda pageti, azungu azilipira."

* * *

Komatu mlamuyo sananame kwenikweni. Lusaka ndi mwana wa dzulodzulo. Mu 1905 pano panali kasiteshoni ka njanji chabe, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo likulu la dziko linasamukira kuno kuchoka ku Livingstone mu 1935. Mutafufuza bwino ku Matero kapena ku Chilenje mungapeze agogo amene ndi aakulu kuposa likulu limene akukhalamo. Nyumba za Mulungu tili nazo, inde: kachisi wa Ahindu, mizikiti ya cha ku Kamwala, tchalitchi chachikulu cha Holy Cross cha 1962. Vuto lake zonsezi zili ndi madenga, ndipo eni ake amabwera kudzapemphera sabata iliyonse. Bwinja lenileni tinali nalo limodzi, Society House ya pa Cairo Road, imene inapsa mu 1997 n'kukhala chiimire zaka zambiri, yakuda bii, mazenera ali pululu. Ikanangopirira zaka zina mazana anayi, a UNESCO akanabwera okha. Koma anthu osaganizira za m'tsogolo anabwera n'kuikonza.

Woyendetsa taxi wina anandiuza kuti ananyamula mzungu pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda, amene asanamange n'komwe lamba anayamba kufunsa za malo opatulika akale. Mnyamatayo sanafune kuchititsa dziko manyazi. Atafika pa thanki ya madzi ya Chelstone anaimitsa galimoto, n'kuvula chisoti.

"Anthu amapembedza pano?" anafunsa mlendoyo.

"Kupembedza ayi, bwana. Koma palibe munthu wa kuno amene angalondolere mnzake kwawo osatchula dzina lake. Ukwati, maliro, ngongole, zonse ziyambira pa thanki."

"Ndi yakale bwanji?"

"Maningi. Atate anafunsira amai ataima pamenepa."

Mzunguyo anaijambula mbali zonse, ndipo akuti pamapeto anaonjeza kenakake ka malongosoledwe.

* * *

Kumene oyendetsa mataxi amanyazi amatengera alendo ndi ku Kabwata Cultural Village, pamsewu wa Burma. Mukapatuka mumapeza nyumba zozungulira zofolera udzu, zokwana 43, ndipo cha kuseri kwake mafulati a Kabwata akusuzumira, zovala zili yanikeyanike m'makhonde. Boma la atsamunda linamanga nyumbazi m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. Zinalipo pafupifupi 300, ndipo zinali zogonamo amuna obwera kudzagwira ntchito m'tauni. Amuna okha. Nzeru yake inali yakuti munthu wakuda abweretse manja ake, mkazi ndi ana awasiye kumudzi, akatopa abwerere kumene anachokera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 zambiri zinagwetsedwa kuti pamangidwe mafulati aja, ndipo mu 1974 zotsalazo zinasandutsidwa mudzi wa amisiri osema, oluka ndi osula ochokera m'zigawo zonse za dziko lino.

Mayi wina wachizungu atangolowa anagwira pachifuwa, nati pomaliza waona mudzi weniweni wa mu Africa. Ambuya ena ogulitsa zitenje atamasuliridwa mawuwo anayang'ana uku ndi uku. "Mudzi wanji wopanda nkhokwe, wopanda khola, wopanda manda? Muuzeni kuti pulani ya mudzi umenewu anajambula ndi agogo ake."

Tsiku lina kunabwera mdala wa imvi mbuu, atatsamira ndodo, akuloza nyumba imodzi n'kumauza adzukulu ake kuti iye anabadwira momwemo nkhondo ya Hitler itangotha. Kamnyamata koonetsa alendo kanalowererapo, mbiri yonse ili pamtima.

"Sizingatheke, ba mudala. Muno munali amuna okhaokha. Lamulo silinkalola akazi."

Mdalayo anakayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwana wanga, lamulo linkaweruka 5 koloko. Atate sankaweruka."

* * *

Chodabwitsa cha pamsika umenewu n'chakuti chinthu chakale kwambiri ndicho chimene palibe amene amachiyang'ana. Alendo amatembenuzira msana khoma la zaka pafupifupi 90 kuti ajambule mvuu yosemedwa Lachiwiri. Ndipo osema a pa Kabwata sabisa kanthu. Munthu wakhala pachitsa, nsompho ili m'manja, zibenthu za mlombwa zili mbwee kumapazi, mnzake pambali akukwecha ndi sandipepa, wachitatu akupaka polishi wa nsapato ndi mswachi wotha mano. Ntchito yonse ili poyera.

Ndinaona mlendo atanyamula chigoba chokongola, akuchitembenuza mwachikondi, n'kufunsa zaka zake. Mmisiriyo, bambo wa chilungamo chake, anayankha monyadira kuti wamaliza dzulo madzulo. Mlendoyo anachibweza pansi mofulumira, nkhope itagwa, n'kupita. Mkazi wa mmisiriyo sanalankhule naye mpaka nthawi ya nsima.

Koma m'mbali mwa msewu wina wopita kumayadi, kutali ndi Kabwata, muli mnyamata amene anaphunzira phunziro limeneli kalekale. Mzungu akafunsa zakale, iye amapukusa mutu mwachisoni.

"Zakale zatha, bwana. Bwerani Lachisanu."

Anandifotokozera kaphikidwe kake mosabisa, poti anaona kuti m'thumba mwanga mulibe choopsa. Chiboliboli chikasemedwa amachiviika m'madzi a masamba a tiyi. Kenako chimakakhala kudenga la khitchini ya apongozi ake kuti chimwe utsi ndi mwaye. Pomaliza amachikwirira pafupi ndi chulu kuti chiswe chisainepo. Chikagona pansi sabata imodzi, chinali cha agogo. Masabata awiri, chinali cha mfumu. Mwezi wathunthu, David Livingstone anachiona ndi maso ake asanamwalire kwa Chitambo mu 1873.

"Chiswe ndiye mnzanga pa bizinesi," anatero, "koma sichidziwa polekezera. Chaka chatha ndinapita kumaliro ku Petauke, ndinakachedwako. Pobwera ndinapeza mpando wa mfumu watsala misomali."

Ndinafunsa ngati misomali ya kusitoloyo siimuulula. Anati kasitomala mmodzi yekha ndiye anaiona, Mjeremani wa magalasi okhuthala, amene anafunsa kuti mpando wa zaka 200 ukutani ndi sikuluwu.

"Ndiye unati chiyani?"

"Ndinati mfumu imeneyo inali yotsogola."

* * *

Mtengo wa chiboliboli sulembedwa papepala. Umalembedwa pansapato za wogula. Wogulitsa amayamba wayang'ana pansi, kenako pamkono pomwe pali wotchi, nkhope amathera nayo. Mayi wina wa ku Kabulonga anaudziwa mwambo umenewu. Galimoto yake yaikulu anaibisa kuseri kwa mafulati, anamanga chitenje chofwifwa, navala mapatapata a wantchito wake, n'kulowa akukoka miyendo.

"Kamvuu aka ni zingati, mwana wanga? Ine ndine wovutika."

"Kwa imwe madamu, K900."

"Madamu ndani? Sukuona mapatapata?"

"Ndawaona, madamu. Ndinagula ndine pa Khirisimasi. Mkazi wanga asewenza kwanu." Anapukuta kamvuu kaja ndi nsanza, modekha. "Mvuu ni K400. Inayo ni yotsala ya mwezi watha."

* * *

Loweruka lomaliza la mwezi kumakhala msika pabwalo la tchalitchi cha Dutch Reformed ku Kabulonga, ndipo Lamlungu amalonda a ziboliboli amayala katundu pa Arcades. Nkhope zambiri ndi zomwezija za pa Kabwata. Loweruka ku Kabulonga ndinapeza nyamalikiti imene ndinaisiya pa Kabwata Lachinayi, ya khutu limodzi lopindika, itakwera mtengo kawiri. Ndinafunsa chimene chachitika m'masiku awiri okha.

"Yakwera taxi, ba bosi. Ndiponso kuno yamvako Chizungu."

* * *

Pamsika wa mitundu yonse chimbuya sichisowa. Angoni ndi Abemba anamenyana m'zaka za m'ma 1800, nkhondo itatha anasandutsa mikondo kukhala nthabwala, ndipo lero aliyense wa kum'mawa, Mchewa, Mnsenga, Mtumbuka, analowa m'chibale chimenechi osafunsidwa. Mnzanga wa ku Chipata anaima pamalo a wosema wa ku Kasama, pomwe panali apusi atatu aja, wina wagwira m'maso, wina m'makutu, wina pakamwa.

"A mbuya, mwafika posema ndiwo? Njala yavuta kwanu?"

Mbembayo sanasiye kupaka polishi. "Ife tisema zimene azungu agula. Mbeba tinayesako kamodzi, koma a kwanu anabwera usiku ni mchere."

"Nanga uyu wagwira pakamwa waona chiyani?"

"Uyu ni wa ku Chipata. Abisa mchira."

Anthu anasonkhana. Mnzangayo ataona kuti bwalo lamuipira, anatembenukira ku malonda. "Chabwino, ndichotsereniko. Si ndine mbuya wanu?"

"Ndiye chifukwa chake ndakuonjezerani K20."

Analipira, ndipo anapatsidwa mbasela ya kansomba ka makiyi, ati kuti akaonetse anthu a kwawo kuti kunja kuno kuli ndiwo zina.

* * *

Azakhali anabwera kuchokera ku Katete kudzalanga mkwatibwi. Mayi ameneyu mwezi wa August ukafika sasowa ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, ndipo akamva dzina la Kalonga Gawa Undi amaomba m'manja ngakhale pa wailesi. Tinawatengera ku Kabwata kuti akaone chikhalidwe, zomwe n'chimodzimodzi kutengera msodzi wa ku Mpulungu kukaona kapenta wa m'pepala.

Tisanayende mapazi khumi anaima njo. Kutsogolo kwawo kunali zigoba zitapachikidwa padzuwa, masana, ana a sukulu akuzigwiragwira. Anakoka chitenje n'kudziphimba kumutu, natembenukira kumsewu.

Wogulitsayo, Mluvale wa ku Zambezi, anawathamangira mwaulemu. "Amai, musaope. Awa ni Makishi a kwathu, a ku Likumbi Lya Mize. Si a kwanu."

"Chilombo sichifunsidwa chitupa," anayankha ali m'chitenje momwemo.

Mwana wa mlongo wanga, wa ku yunivesite, anayesa kuthandiza. Anafotokoza kuti mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Makishi ndi Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Azakhali anatulutsa diso limodzi.

"A UNESCO-wo anagula njira?"

Panalibe amene anali ndi yankho, ndipo ine ndimati funsolo ndi lolemera kuposa momwe tinalisekera. Tinawalambalalitsa kuseri kwa nyumba, kumbali ya zakukhitchini, kuti mtima ukhale pansi. Kumeneko ananyamula mthiko n'kufunsa mtengo. Atamva, anautembenuza, nauyang'ana kunsonga.

"Umabwera ndi ufa wake?"

Anafunsanso mtengo wa chipande, wa lichero, wa mtondo ndi munsi wake, wa mphasa. Milomo inkangogwedera, akuwerengera. Potuluka anali kuyenda mosiyana, mapewa ali m'mwamba. Anali atangozindikira kuti khitchini yawo ya ku Katete, pamitengo ya ku Lusaka, ingagule Corolla.

Madzulo tinakawasiya ku Woodlands. Mkazi wa mlamu wathu ali ndi madengu a Chitonga asanu ndi awiri pakhoma la pabalaza, oyalidwa mwaluso, nyali yakeyake ikuwawalira. M'mawa anadzuka n'kupeza khoma lili mbee. Azakhali anali panja pakapinga, akupeta mpunga, kwinaku akudandaula kuti ana a m'tauni amasunga ziwiya patali ndi moto.

* * *

Ndodo za Nyaminyami zimagulidwa kwambiri. Nyaminyami ndi mzimu wa mtsinje wa Zambezi kwa Atonga, thupi la njoka, mutu wa nsomba, ndipo madzi atasefukira mu 1957 ndi 1958 n'kuononga ntchito yomanga damu la Kariba, akuluakulu a m'chigwamo anati ndi iye wakwiya. Abusa ena a tchalitchi cha m'tenti anaima pa ndodozo, nayamba kudzudzula ziwanda mokweza. Chinali chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa nyanja ya Kariba, magetsi akubwera pakati pa usiku n'kuchoka tambala asanalire.

Wogulitsayo anadikira kuti pemphero lithe. "Abusa, mwamukalipira maningi. Ife tinali kumupempha kuti atsegule madzi. Manje mukasowa magetsi a maikolofoni Lamlungu, musatifunse."

Abusawo anakhala chete pang'ono. Kenako anafunsa ngati ndodo yopemphereredwa kale imatsika mtengo.

Amisiriwo, tinene pano, ndi okhawo m'Lusaka amene sanamve kuwawa kwa chaka chimenecho. Nsompho siifuna jenereta.

* * *

Mtsikana wachizungu wosadya nyama anapatsidwa chikanda. Anakana kwamtuwagalu, ati ndi soseji. Anamufotokozera kuti muli timizu ta m'dambo, nsinjiro, soda ndi tsabola basi, koma anati maso ake sanama. Pambali panali mbale ya vinkubala vokazinga bwino. Anatolako kamodzi, n'kutolanso, n'kufunsa kuti timitengo tokhukhuluzika totere timamera kuti.

"Pa mtengo wa mopane, madamu," anayankha mayi wophikayo, ndipo mpaka lero amaumirira kuti sananame.

* * *

Wofuna zakale zenizeni apite ku Lusaka National Museum, pamsewu wa Independence, pafupi ndi chipilala cha Ufulu cha munthu wodula maunyolo. Inatsegulidwa mu 1996. M'menemo muli chifanizo cha chigaza cha munthu wa ku Kabwe, chimene anthu a mumgodi wa Broken Hill anachifukula mu 1921, ndipo akatswiri amati chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Ndati chifanizo. Chigaza chenichenicho chinatengedwa kupita ku London, chili ku Natural History Museum, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kwawo.

Mphunzitsi wina anali kufotokozera ana a giredi 5 zimenezi, makolo angapo ali kumbuyo. Kamtsikana kanakweza dzanja. "Atichala, anapita bwanji ku London? Anali ndi viza?"

Mphunzitsi asanayankhe, bambo wina kumbuyo anausa moyo. "Ine anandikaniza, ndili ndi thupi lonse ndi kalata ya kubanki. Uyu mutu wokha, wakhalako zaka zoposa zana, ndipo tikati abwere, eni dziko ndiwo akukana."

Azakhali aja tinawatengeranso kumeneku. Pa zinthu zonse anadutsa mofulumira, koma atafika pomwe aika zipangizo za ufiti anaima, nagwada pang'ono, n'kupereka moni momveka. Tinawafunsa chifukwa chake. Anati galasi limatchinga fumbi chabe.

* * *

Msika wakale weniweni dziko lino lili nawo, koma suli m'Lusaka. Uli ku Ing'ombe Ilede, kufupi ndi pomwe mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, cha ku Siavonga. Mu 1960 anthu okumba maziko a thanki ya madzi anagunda manda. M'mandamo munali anthu ogona ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa imene inkagwira ntchito ngati chuma chosinthanitsira, mawaya a mkuwa, zidutswa za nsalu, ndi mikanda ya galasi imene inabwera kuchokera kutsidya la nyanja ya India. Anali amalonda aakulu, zaka mazana angapo Lusaka asanalotedwe n'komwe.

Amalume atamva zimenezi anagwedeza mutu mwaulemu. "Amalonda enieni amenewo. Anakana kukongoza mpaka kumanda."

Mphunzitsi wina wopuma ntchito, wokhala m'mafulati a Kabwata, anakhala masana onse akufotokozera mnyamata wogulitsa makoza a mkuwa mbiri imeneyi, pofuna kuti adziwe ulemerero wa ntchito yake. Mnyamatayo anamvetsera bwino lomwe. Sabata yotsatira makoza aja, amene ankati amachiritsa nyamakazi, anali atasanduka pulani ya Ing'ombe Ilede, ndipo nyamakazi inali mbasela.

Za msika wa ku Hampi, mlamu anakaonetsa zithunzi zake kwa mayi amene amamugula tomato ku Soweto. Mayiyo anayang'ana zipilala zija, mzere ndi mzere, nafunsa kuti nanga ogulitsa ali kuti. Mlamu anafotokoza kuti mu 2011 akuluakulu a kumeneko anagwetsa timasitolo ndi nyumba za anthu amene ankakhala ndi kugulitsa m'zipilalazo, pofuna kuteteza mabwinja.

"Ooh, msika wopanda anthu," anatero mayiyo, akubweza foni. "Nafe tinali nawo mu January 2018, nthawi ya kolera, asilikali atatichotsa m'misewu. Tauni yonse inali mbee. Palibe mzungu anabwera kudzajambula. Tomato wa zingati?"

* * *

Mnansi wanga wa ku Chelstone analandira ndalama za chilimba, ndipo m'malo mogula matailosi amene analonjeza mkazi wake, anagula nyamalikiti yaitali kumuposa iye mwini. Wosemayo anaikulunga m'manyuzipepala kuyambira kuziboda mpaka kukhosi, mutu wokha uli pamtunda. Kuchoka pa Kabwata kufika m'tauni anayenda nayo wapansi, ataisenza paphewa, magalimoto akumuimbira mahutala. Nkhondo inayambira pa Kulima Tower.

"Ba bosi, awiri?" anafunsa kondakitala.

"Mmodzi. Uyu ni katundu."

"Katundu alibe maso. Uyu akundiyang'ana."

Anakangana mpaka basi inadzaza. Pomaliza anagwirizana kuti nyamayo igone chagada pakati, miyendo kumpando wakumbuyo, khosi lidutse pamapewa a anthu atatu, mutu utulukire pawindo la kutsogolo. Mayi wina amene makutu a nyamayo ankamukanda patsaya anafunsa ngati ilumako. Mdala wa kumbuyo, amene anapatsidwa ziboda kuti agwirizire, ananena kuti pazaka zake zonse wanyamulapo ana a eni, nkhuku za eni ndi batire ya galimoto, koma lero wakwezedwa pantchito.

Pa Manda Hill ana a m'magalimoto ena anayamba kuibayibitsa. Pa yunivesite ophunzira anaijambula ndi mafoni. Atangodutsa Munali, wapolisi wa pamsewu anaimitsa basi, nayenda mozungulira pang'onopang'ono, n'kuima maso ndi maso ndi nyamalikitiyo.

"Dalaivala, pasinja uyu watulutsa mutu pawindo. Ni mlandu."

Dalaivala analoza kondakitala, kondakitala analoza mnansi wanga. Mnansi wanga, thukuta lili kamukamu, anati si pasinja, ndi katundu.

"Bwana, asakunamizeni," anatero kondakitala. "Walipira."

Wapolisiyo anaganiza pang'ono, natulutsa buku. "Ngati walipira, atsike. Ndifuna kumva kwa mwini wake."